KUCHEPETSA THUPI: KODI MUNTHU AYAMBIRE PATI?

Aliyense amene adafikapo pa chipatala tsiku la sikelo amachidziŵa chimwemwe chimene mayi amakhala nacho mwana wake akakwera. Mlangizi akaloza pa khadi nanena kuti mzere wapita m'mwamba, mayi uja amabwerera kumudzi akumwetulira njira yonse. Nkoyenera kutero ndithu, pakuti mwana wosakwera sikelo ali pa ngozi, ndipo ife a zaumoyo sitidzaleka kuphunzitsa zimenezi. Koma mwezi uno ndifuna kuti tikambirane za sikelo ina, ija ya akuluakulu imene imakhala pa ngodya m'chipinda choyezera, imene ambiri a ife timangoilambalala. Pa sikelo imeneyo kukwera sikukhala nkhani yabwino nthaŵi zonse.

Ndikudziŵa kuti mawu ameneŵa ngovuta kuwalandira. Kwathu kuno munthu akanenepa timati wapeza bwino. Mkazi akanenepa ku banja, akwawo amayamikira mkamwini kuti akusamala mwana wawo. Bambo akatuluka mimba, ngakhale ana a m'njira amamutcha bwana. Ndiponso sitidaiŵale zaka zija pamene Edzi idatenga abale athu ambiri mankhwala otalikitsa moyo asadafike, pamene munthu akangoyamba kuwonda anthu ankanong'onezana ndi kutsinana khutu. Mayi wina amene ndidamulangiza kuti achepetse thupi adandifunsa mosabisa kuti, "Nanga bambo, ndikawonda anthu akanena chiyani ku mjigo?" Sindidamuseke, chifukwa mantha akewo ali ndi pochokera. Komabe mayi yemweyo chidamubweretsa ku chipatala nchakuti maondo adali kumuŵaŵa, ndipo pokwera kamtunda kopita kumunda kwake ankaima kaŵiri kuti apume.

Vutoli si la m'tauni mokha monga ena amaganizira. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa anthu wa m'zaka za 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse a zaka 15 kufikira 49, amayi 21 adali ndi thupi lopitirira muyezo. M'tauni adali 36, kumidzi 18. Kafukufuku wina amene Unduna wa Zaumoyo udachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, adapeza kuti mwa anthu atatu aliwonse a zaka 25 kufikira 64, mmodzi adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sadali pa mankhwala. Chomvetsa chisoni nchakuti m'zaka zomwe zija za 2015 ndi 2016, ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu adali opinimbira. Motero m'nyumba imodzi mumatha kupezeka mwana wopereŵera zakudya m'thupi ndi kholo lonenepa mopitirira. Zimenezi zisatidabwitse: nsima yambiri ndi tiyi wa shuga zimanenepetsa wamkulu, koma pazokha sizikwanira kukuza mwana.

NKHOKWE YA M'THUPI

Chakudya chimapatsa thupi mphamvu yoyendera, yolimira, yopumira ngakhale yoganizira. Chotsala thupi silitaya. Limachisandutsa mafuta nkuchisunga, monga mlimi amasungira chimanga m'nkhokwe poopa njala. Kale nkhokwe imeneyi inkatapidwa tsiku ndi tsiku. Amayi ankakonola ndi kusinja pa mtondo, madzi ankakatunga kudambo, ulendo wa kumsika udali wapansi. Lero chigayo chili pafupi, m'midzi yambiri mjigo uli pakati pa mudzi, ndipo a kabaza ndi a njinga zamoto akudikira pa mphambano. Zonsezi nzabwino, palibe angafune kubwerera m'mbuyo. Koma pamene ntchito ya thupi yachepa, shuga, mafuta ophikira, mandasi, tchipisi cha pa chiwaya ndi zakumwa za m'mabotolo zafika mpaka pa okala ya m'mudzi. Tikuthira m'nkhokwe koposa mmene tikutapira.

Mafuta a m'thupi saopsa mofanana. A m'ntchafu ndi m'matako alibe ngozi yaikulu ngati a pamimba, amene amakuta matumbo ndi chiŵindi. Ameneŵa amalepheretsa thupi kumvera insulini, imene ntchito yake ndi kuchotsa shuga m'magazi nkumuloŵetsa m'minofu. Shuga akamangozungulira m'magazi kwa zaka, amawononga maso, impso ndi mapazi. Aŵa ndiwo matenda a shuga. Thupi lalikulu limalemetsanso mtima, magazi nkumathamanga, ndipo tsiku lina munthu amene dzulo adali kuseka ndi anzake amadzuka mkono ndi mwendo zitafa, kukamwa kutapotoka. Tikamva zotere timafulumira kufunafuna amene wachita chipongwe, chikhalirecho nthendayo idakhala ikukula mwakachetechete kwa zaka khumi.

YAMBANI NDI CHINGWE

Musayambe ndi kusala chakudya, musayambenso ndi kuthamanga. Yambani ndi kudziyeza, ndipo pa ichi simusoŵa ndalama. Tengani chingwe kapena luzi, muime chowongoka opanda nsapato, mnzanu ayeze kuchokera pa chidendene kufikira pamwamba pa mutu nadule pomwepo. Pindani chingwecho paŵiri. Tsono chizungulizeni pamimba, pamwamba pang'ono pa mchombo, mutatulutsa mpweya ndipo osakoka mimba m'kati. Nsonga zikakumana mosavuta, zinthu zili bwino. Zikapanda kukumana, mafuta a pamimba achuluka, pakuti kuzungulira kwa mimba ya munthu wamkulu kuyenera kuchepera pa theka la msinkhu wake. Abambo musabere poyeza mmunsi mwa mimba pamene pamakhala lamba; pamenepo chingwe chimakumana kwa aliyense.

Amene muli pafupi ndi telala bwerekani tepi yake. Kwa amayi ngozi imayamba mimba ikapitirira masentimita 80, ndipo imakula kwambiri ikapitirira 88. Kwa abambo ndi masentimita 94 ndi 102. Ku chipatala timayerekezanso kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake. Mwachitsanzo, munthu wotalika masentimita 160 akapitirira makilogalamu 64 wayamba kupyola muyezo, ndipo akafika pa 77 wanenepa kwambiri. Wotalika masentimita 170 malire ake ndi makilogalamu 72 ndi 87.

Chingwe chikakana kukumana, bwerani ku chipatala musadasinthe kanthu. Pemphani kuti akuyezeni kuthamanga kwa magazi, ndi shuga ngati zipangizo zilipo. Pali zifukwa zake. Kutupa kwa miyendo ndi nkhope si mafuta ayi. Ndi madzi, ndipo kungasonyeze vuto la mtima kapena impso. Munthu wodwala shuga amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga akachepetsa chakudya mwa iye yekha angathe kukomoka. Mayi woyembekezera asayese nkomwe kuchepetsa thupi, ndipo woyamwitsa ayambe wafunsa anamwino. Mwana wonenepa sitimusalitsa chakudya. Timangomuchotsera maswiti ndi zakumwa zotsekemera nkumusiya aseŵere. Palinso mankhwala ena amene amanenepetsa anthu ena. Kuyambira mu 2019 ambiri amene amamwa ma ARV m'dziko muno adasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, ndipo ena, makamaka amayi, amanenepa nawo; jekeseni wolera wa miyezi itatu nayenso amatero kwa amayi ena. Chonde musasiye mankhwala ameneŵa chifukwa cha thupi. Kambiranani ndi adokotala.

Apa nditsindike chinthu chimodzi, pakuti ndicho chingathetse mantha a mayi uja wa ku mjigo. Kuwonda kulipo kuŵiri. Pali kuwonda kumene munthu wakufuna yekha, kumene kumadza pang'onopang'ono, mphamvu zikuwonjezeka, tulo tikubwera bwino. Ndiye pali kuwonda kumene kumangodza kokha munthu akudya monga mwa masiku onse, kapena pamodzi ndi chifuŵa chosatha, kutentha thupi, thukuta la usiku, kutsegula m'mimba, ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi. Kuwonda kwachiŵiriku si mwayi ngakhale kwa munthu wonenepa. Kungakhale chifuŵa chachikulu, HIV, shuga kapena khansa, ndipo nkofunika kukayezetsa msanga.

Tsono cholinga chikhale chotani? Ambiri amagwa mphwayi chifukwa amafuna kubwerera pa thupi la pa tsiku la ukwati wawo. Sikofunika. Kutaya magawo 5 kufikira 10 mwa 100 a kulemera kwanu nkokwanira kutsitsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ndi kupeputsa maondo. Munthu wa makilogalamu 90 angotaya 5 kapena 9. Ku America, kafukufuku amene zotsatira zake zidatuluka mu 2002 adatsata anthu oposa 3,000 amene shuga wawo adali atayamba kukwera. Amene adathandizidwa kusintha kadyedwe ndi kuyenda mphindi 150 pa sabata, nalinga kutaya magawo 7 mwa 100 a kulemera kwawo, ngozi yawo yodwala shuga idatsika ndi magawo 58 mwa 100. Kwa amene adapatsidwa mapiritsi a metformin idatsika ndi magawo 31 okha. Liŵiro loyenera ndi theka la kilogalamu pa sabata, osapitirira kilogalamu imodzi.

KAPU, BOTOLO NDI CHIPANDE

Munthu akamva za kuchepetsa thupi amaganiza kuti timuletsa nsima. Ine ndimayamba ndi kapu. Amene amathira timasupuni 4 ta shuga m'tiyi, namwa kaŵiri pa tsiku, amatha pafupifupi paketi yathunthu ya kilogalamu imodzi pa mwezi yekhayekha, ndipo shuga ameneyo sakhutitsa mpang'ono pomwe. Botolo limodzi la chakumwa chozizira cha mamililita 300 limatha kukhala ndi shuga wokwana timasupuni 7 kapena 8. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire timasupuni 12 pa tsiku, kuphatikizapo wobisika m'zakumwa ndi m'mabisiketi, ndipo kuti 6 ndiye bwino koposa. Chotsani kasupuni kamodzi sabata ino, kena sabata ya maŵa, lilime limazoloŵera. Thobwa nalonso tisalithire shuga wochita kumata milomo. Ena amandiuza kuti shuga wa m'sitolo ali ndi vitamini A, choncho ndi mankhwala. Nzoona kuti amaikamo, koma vitamini yemweyo alinso m'maungu, m'mango, m'papaya, m'mbatata yofiira m'kati ndi m'masamba obiriŵira.

Chachiŵiri ndi botolo la mafuta. Mafuta ali ndi mphamvu yoposa kaŵiri ya ufa kapena shuga wolemera mofanana, kotero kuti supuni imodzi yaikulu imafuna kuyenda ndawala pafupifupi theka la ola kuti ithe m'thupi. Musathire mafuta m'mphika kuchokera m'botolo. Yezani ndi supuni. Ndiwo zimene mwatendera musazithirenso mafuta, pakuti nsinjiro zili nawo kale. Usipa, utaka ndi matemba zimakoma ndithu zoŵiritsa ndi matimati ndi anyezi, kapena zowotcha pa makala. M'maŵa, m'malo mwa mandasi ndi zitumbuwa, idyani mbatata yophika, dzungu, chinangwa kapena phala la mgaiwa.

Tsopano nsima. Sindikuti muisiye, ndipo amene angakuuzeni zotero sadakhalepo kumudzi. Chimene chasokonekera ndi kagaŵidwe ka m'mbale: mitanda itatu kapena inayi ndi kandiwo kongonyambita. Tembenuzani zimenezi. Amene mumadya mitanda itatu idyani iŵiri, ndipo malo a wachitatuwo mudzaze ndi nkhwani, bonongwe, chisoso, luni, mpiru, khwanya, chigwada kapena mfutso m'chilimwe. Pambali pakhale nyemba, nandolo, khobwe, dzira kapena nsomba, zimene zimakhalitsa m'mimba. Aŵa ndi magulu asanu ndi limodzi a zakudya omwe aja timaphunzitsa ku sikelo ya ana. Sadalembedwere ana okha. Mgaiwa umaposa ufa woyera chifukwa gaga sadachotsedwe, ndipo munthu sachedwa kukhuta komanso amachedwa kumva njala, koma mitanda inayi ya mgaiwa imanenepetsa chimodzimodzi. Njala ikakupezani pakati pa tsiku, gwafa, masuku, nthochi kapena dowe wowotcha ndi zokwanira.

Mchere sunenepetsa, koma umakweza kuthamanga kwa magazi, ndiye tiutchule pomwepa. Muyezo wa munthu wamkulu ndi magalamu osakwana 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi kosadzaza, kuŵerengera ndi wa m'timibulu tokometsera ndiwo. Gulani wa ayodini, thirani pang'ono pophika, ndipo kambale ka mchere kachoke pa mphasa. Za moŵa sindichulukitsa mawu: chipanda cha masese ndi chakudya chathunthu chimene munthu amamwa atadya kale, ndipo kaŵirikaŵiri chimadza ndi kanyenya.

Musadumphe chakudya tsiku lonse. Amene amatero amafika madzulo ali ndi njala ya fisi nadya za anthu aŵiri. Peŵaninso tiyi ndi ufa wa m'mabotolo umene amatsatsa m'misika ndi pa foni ponena kuti umasungunula mafuta. Wambiri umangotsegula m'mimba ndi kukodzetsa. Chimene chimachoka ndi madzi pamodzi ndi ndalama zanu.

Chovuta chenicheni sichili m'mphika koma pa mphasa. Timadyera pamodzi, ndipo kukana chakudya kwa eni ake ndi mwano. Ku ukwati, ku chinkhoswe kapena kwa apongozi landirani ndithu, idyani pang'ono mosafulumira, thokozani, sambani m'manja. Pakhomo fotokozerani banja lonse chifukwa chake. Abambo, mayi wa kunyumba akachepetsa mafuta m'ndiwo musamunene kuti wayamba kuumira, ndipo akayamba kutsika thupi musalole achibale kumunena kuti simukumusamala. Mawu anu amodzi pa bwalo angamuteteze koposa malangizo athu onse.

KUYENDA

Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiko kuti theka la ola masiku asanu. Amene mumagwira khasu kuyambira m'bandakucha mudapitirira kale muyezo umenewu, ndipo inu nkhani yanu ili m'mbale ndi m'kapu, makamaka miyezi ya pambuyo pa kukolola pamene chakudya chachuluka, ntchito yachepa, ndipo ndalama ya fodya kapena soya ili m'thumba. Koma ogulitsa pa msika, atelala, aphunzitsi, alembi, oyendetsa njinga zamoto ndi ife a m'maofesi timakhala pansi kuyambira m'maŵa mpaka dzuŵa kuloŵa.

Yambani ndi mphindi 10 pa tsiku, m'maŵa kapena dzuŵa litapendeka, ndipo onjezani mphindi 5 sabata iliyonse. Muziyenda mwa ndawala kotero kuti mungathe kulankhula koma osatha kuyimba. Sikofunika nsapato zapadera kapena bwalo. Tsikani pa kabaza patali pang'ono ndi kwanu, pitani ku tchalitchi kapena ku mzikiti wapansi, palasani njinga, limani kadimba ka masamba, kamene kakuthandizeni paŵiri. Amayi amene mumachita manyazi kuyenda popanda katundu pamutu, itanani anzanu aŵiri kapena atatu, kapena bwererani ku chitelele ndi ku mpira wa manja. Munthu wolemera kwambiri asathamange, angapweteke maondo. Ndipo mukamva kuŵaŵa kapena kuthina pa chifuŵa, chizungulire, kapena kubanika kosazoloŵereka, imani pomwepo ndipo mufike ku chipatala tsiku lomwelo.

Kunena zoona, kuyenda pakokha sikutsitsa sikelo kwambiri ngati kadyedwe sikadasinthe. Mandasi aŵiri amabweza zonse zimene mwataya pa ulendo wa theka la ola. Phindu lake lalikulu ndi lakuti kumalimbitsa mtima, kumatsitsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi ngakhale sikelo isadasunthe, ndipo kumathandiza kuti thupi limene lachoka lisabwerere.

Zimene ndikulembazi ndidaziona pa thupi langa. Zaka zimene ndinkayendera zitsime, zimbudzi ndi misika pa njinga yakapalasa, lamba wanga adali pa boŵo limodzimodzi. Nditalandira njinga yamoto, kenaka mpando wa mu ofesi ndi misonkhano ya tiyi ndi zokazinga, ndidasuntha maboŵo atatu osazindikira. Tsiku lina ndikuonetsa alangizi anzanga kayezedwe ka chingwe, chingwe chidakana kukumana pa ine mwini, anthu onse akuona. Namwino atandiyeza adapeza kuti magazi akuthamanga. Ndidachotsa shuga m'tiyi, ndidasiya mtanda umodzi, ndidayamba kupita ku ntchito wapansi. Miyezi iŵiri yoyamba ndidatsika makilogalamu 4. Mwezi wachitatu ndi wachinayi sikelo idangoima nji, ndipo ndidatsala pang'ono kuleka. Nyengo ya Khirisimasi ndidabwezanso kilogalamu imodzi. Padapita miyezi isanu ndi itatu kuti ndichotse makilogalamu 7, ndipo panthaŵi imeneyo azakhali anga adatuma mwana kudzafunsa mkazi wanga ngati ndikudwala.

Kuima kwa sikelo kotereku kumachitikira pafupifupi aliyense, chifukwa thupi likachepa limafunanso chakudya chochepa, ndipo nkhokwe ija imayamba kuumira. Ikafika nthaŵi imeneyo musadzilange ndi njala. Onaninso zimene zabwerera mwakachetechete, kaya ndi kasupuni ka shuga kaya ndi botolo la pa msika, onjezani mphindi 10 pa ulendo wanu, ndipo yezani ndi chingwe, pakuti nthaŵi zina mimba imaphwa sikelo ili chiimire.

Musakwere sikelo tsiku ndi tsiku. Kulemera kwa munthu kumasinthasintha ndi madzi amene wamwa, ndipo kwa amayi ndi nyengo ya kumwezi. Kamodzi pa mwezi nkokwanira, pa sikelo yomweyo, m'maŵa, mutavula nsapato ndi juzi. Amayi amene mumabwera ndi ana ku sikelo, mwana akatha kuyezedwa pemphani kuti nanunso mukwere ya akuluakulu. Alangizi alembe m'kabuku kanu ka kuchipatala zinthu zinayi: tsiku, makilogalamu, masentimita a pamimba ndi kuthamanga kwa magazi. Amene adakuyambitsani kale mankhwala a kuthamanga kwa magazi kapena a shuga pitirizani kumwa ngakhale manambala atsike. Woyenera kuchepetsa mlingo wake ndi adokotala, ataona zolembedwa m'kabukumo kwa miyezi ingapo yotsatizana.